Kachitsa Aphunzira Kugwetsa Munthu

Mwana wa mlongo wanga timamutcha Kachitsa, poti ndi wamfupi moti akalowa m'nyumba mumayamba mwamva moni, mwiniwake n'kumuona mawa. Amagwira ntchito kubekale, kutsitsa matumba a fulawa m'lole. Thumba amalisenza kumsana n'kukaligoneka ngati khanda, chifukwa likaphulika bwana wake amalira mpaka uvuni kuzima.

Akaweruka amapita kuholo kukaphunzira judo, masewera ogwetsana aja. Kuti alandire lamba watsopano, ankayenera kugwetsa munthu chakutsogolo, kudutsira pamsana. Chiyambi ankachitha: kumukoka mnzake mpaka aimire zala, kutembenuka, kupinda mawondo, chiuno n'kulowa pansi pa lamba wa mnzakeyo. Munthu akakwera kumsana, Kachitsa ankamutsitsa pang'onopang'ono, kumuimika bwinobwino, mwinanso kumusasa fumbi.

"Iwe, ameneyo si fulawa!" ankakuwa aphunzitsi ake. "Ukatero Loweruka, lamba umuiwale."

Anafika kwathu nkhope ili yakugwa. Ine ndinayala matiresi pabalaza n'kuvala jekete yanga ya ukwati.

"Gwetsa ine. Ndinagwapo padenga la nyumba yosanja, amene anagonekedwa kuchipatala ndi simenti."

"Amalume, nanga mukathyoka? Mimba yanuyo ndikaitola kuti?"

"Aphunzitsi ako amati munthu akamagwa uzigwira pati?"

"Mkono wa malaya. Osautaya, kuti asamenyetse mutu."

"Basi, chisoni chako chonsecho chiike pamkonopo. Kwinaku nditaye."

Anandikoka, natembenuka, nawongola miyendo nkhope atapotolera kumbali. Abale, ndinaona denga, kenako nsapato zanga, kenako ndege ikundipempha njira. Phii pamatiresi! Mawindo a aneba anagwedezeka. Koma mutu sunakhudze pansi, mkono wa jekete unali udakali m'manja mwake.

Akazi anga anasuzumira kuchokera kukhitchini. "Mwanawe, tabwereza. Sindinaone bwino."

Loweruka ndinapita kukaonerera mayeso a lamba, aphunzitsi anamupatsa mnyamata wowotcherera zitsulo, chimunthu ngati wodilopu. Atamusenza kumsana, Kachitsa anaima kaye, ine mtima uli m'mwamba. Kenako ndinaona zala zake zikufinya mkono wa malaya, chimunthu chija n'kuuluka. Chinadzuka chikuseka, chathunthu.

Lamba wachikasu analandira. Matumba amawagonekabe ngati makanda, koma bwana wake masiku ano amamukalipira ali kuseri kwa lole. Jekete yanga nayo mkono umodzi unatalika, umakwakwa pansi ndikamayenda.