Duwa la Bwana ndi Simbi Yanga

Duwa la bwana ndinapha ndine. Si magetsi ayi, ngakhale ndinalumbira choncho.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'nyumba ya mzungu wa zankhalango pa Dedza Boma. M'thanki yagalasi ya madzi amchere ankaweta kachilombo kooneka ngati duwa, kochokera ku Beira, ndi tinsomba tiwiri tamizeremizere tomwe tinkabisala m'timikono take. Madziwo ankawatenthetsa ndi magetsi tsiku lonse. Tangoganizani, mwezi wa Juni, ine ndikusamba madzi oluma m'mafupa, nsomba zikuothera!

Loweruka lina bwana atapita ku Lilongwe, mkazi wanga anafika ali wefuwefu, chitenje cha chipani chili m'manja.

"Bambo a Feliya, apampando a chipani akuti wovala zamakwinya sakwera lole yokavina kumsonkhano. Mukufuna anditenge ngati woukira?"

Pabalaza panali pobayira magetsi pamodzi pokha. Ndinazula pulagi yotenthetsa madzi, n'kubayapo ya simbi. Chitenjecho ndinachisita mpaka kuwala. Kubwezera pulagi ija ndiye ndinakumbukira Lolemba.

Duwa linali litafota, likununkha, tinsomba tikungozungulira mwala womwe linkakhalapo. Bwana atabwerako anagwada pathankipo, maso ali psuu.

"Magetsi anathima masiku awiri, bwana," ndinatero, uku ndikuwapatsa tambula ya madzi ozizira, tizidutswa ta ayezi wa m'firiji tikulira ngwerengwere.

Anayang'ana ayeziyo, kenako ine. Sanandichotse ntchito.

Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Munthu amene sanandifunsepo ngati ndili ndi bulangete analirira duwa, koma manyazi n'kugwira ine.