Telala Amene Anasokera Njoka Juzi

Bambo anga ndi telala, ndipo akamakuyang'anani musaganize kuti akukumvetserani, amakhala akukuyezani. Kwa iwo vuto lililonse pa dziko lino limayambira pa chovala. Mutu ukakupweteka, ndiye kuti kolala yathina. Banja la munthu likatha amangoti, "Ine ndinaonera suti ija."

Lamba anabwera ndi kasitomala wina amene ankasamukira kutali. Lamba ndi nsato ya mtundu waung'ono, yofatsa kuposa mphaka. Mwini wake anasowa womusiyira, ndiye Bambo, poti kukana sakudziwa, anati, "Musiyeni pompano." Bokosi lake lagalasi analiika pakati pa makina osokera ndi tebulo lodulirapo nsalu. Ine ndimathandiza kushopuko, kusita ndi kusokerera mabatani, koma bokosilo ndinkalilambalala ngati muli moto. Bambo ndiwo ankacheza naye tsiku lonse, kumusimbira za makasitomala amene amabweza mimba akamayezedwa.

Nyengo yozizira itafika, Lamba anayamba kuimba mluzu popuma. Bambo anakondwa kwabasi. "Wamva, mwanangu? Akutsanzira wailesi!" Koma posakhalitsa Lamba anakana khoswe wake. Ankangokhala atadzutsa mutu, kukamwa kuli yasa, timathovu tikutuluka m'mphuno. Bambo anasiya kuseka. Ndinawaona akulephera kulowetsa ulusi pa singano, ndipo zinandimvetsa chisoni.

"N'chimfine ichi," anatero. "Nanga munthu n'kumagona wosavala kuzizira konseku?"

Anatenga tepi. Kuyeza njoka si masewera. Akawongola kumutu, kumchira kwapindika, ndipo ulendo uliwonse muyezo unkatuluka wina. Koma pofika madzulo juzi inali itatha, ya nsalu ya bulangeti, yaitali ngati mwendo wa thalauza, ya kolala yopinda bwinobwino, ndi kathumba pambali.

"Bambo, nanga thumbali n'lachiyani?"

"Iwe, juzi yopanda thumba ndi sokosi."

Wometa tsitsi woyandikana nafe anasiya munthu atamumeta mbali imodzi kudzaonerera. Anthu anadzaza pakhomo, mafoni m'mwamba, kuseka mpaka kugwira nthiti. Lamba analowera kukolala n'kutulukira kunsi, juzi n'kutsala yokha. Bambo sanagonje, anawonjezera batani. Nanenso ndinaseka mpaka misozi, koma mluzu uja unali utakula, unkamveka ngakhale makina akulira. M'mawa mwake ndinaitana takisi yopita kwa dokotala wa ziweto osawafunsa.

Dokotala wa ziweto anali mayi wa nkhope yosasekaseka. Atatsegula chikwama chimene tinanyamuliramo Lamba n'kuona kolala ija, anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedera.

"Pepani bambo," anatero akupukuta m'maso. "Kusoka mumatha. Koma juzi simabweretsa kutentha, imangosunga kutentha komwe thupi lili nako kale. Njoka ilibe kutentha kwakekwake. Apa mwangoifunditsa kuzizira."

Bambo anakhala pansi pang'onopang'ono. Zaka zonsezi akhala akuuza anthu kuti majekete awo ndi otentha.

"Ndiye kuti amene amagwira ntchito yonse ndi makasitomala?" anafunsa.

Zinapezeka kuti kamphasa kamagetsi kotenthetsa pansi pa bokosi kanapsa kalekale, ife osadziwa. Dokotala anati matenda akuoneka kuti afika m'mapapo. Anatipatsa mankhwala obaya, natiuza kuti tigule kamphasa kena tsiku lomwelo. "Akayambiranso kudya, wapulumuka," anatero. "Akapanda kudya, mulimbe mtima."

Kubaya kumafuna anthu awiri, wogwira ndi wobaya. Ndinkayesa kuti munthu amene wakalambira pa singano savutika. Ayi ndithu! Bambo atangogwira jakisoni anatsinzina.

"Singano yanga imalowa m'nsalu, osati mwa mnzanga. Baya ndiwe, mwanangu."

Ndi mmene ine, wothawa ngakhale buluzi, ndinakhalira namwino wa nsato. Bambo ankamugwira kumutu akumuimbira, ine n'kumafufuza pakati pa mamba monga anatisonyezera dokotala, kwinaku ndikupemphera mokweza. Thupi lake silinali loterera ngati mmene ndinkaganizira. Linali louma, losalala ngati chikwama chatsopano, ndipo ndinkamva mpweya ukuvutika kudutsa pansi pa zala zanga. Masiku amenewo ntchito inaima. Aliyense wobwera kudzatenga chovala ankauzidwa kuti, "Tili ndi matenda," ndipo ena ankapepesa ndi mtima wonse asanafunse kuti wadwala ndani.

Tsiku lina m'mawa, ntchito itayambiranso, Bambo ankayeza mkulu wina thalauza la ukwati. Mkuluyo anaima pa kampando, mapini ali mbwee m'miyendo. Mwadzidzidzi Bambo anakweza dzanja.

"Zimitsa wailesi."

Ndinazimitsa. M'shopu munangoti zii, mluzu kulibe. Koma njoka yakufa nayonso siimba mluzu. Lamba anali atadzipinda pakona, osagwedezeka. Bambo anatenga khoswe ndi chopanira n'kumutsitsira m'bokosi. Tinadikira. Kalilime kanatuluka, kanabwerera, kanatulukanso. Kenako, khapu!

"Wadya!" Bambo anakuwa. "Wadya, anthuni!"

Anathamangira pamsewu tepi ikuuluka m'khosi. Anakumbatira wometa, anakumbatira wogulitsa nyuzi, anaimitsa njinga ya munthu wosamudziwa n'kumugwira chanza. Mkulu wa ukwati uja, poopa mapini, anangoima pa kampando pompo n'kumaomba m'manja osadziwa chimene akuombera. Ine ndinkadumphadumpha simbi ili m'manja.

Atabwerera, Bambo anakhala pa mpando wa makina akupumira m'mwamba. Anayang'ana Lamba akumeza pang'onopang'ono, kenako anatola kansalu pansi n'kuphimba nako kumaso. Ndinkayesa akupukuta thukuta.

"Mwanangu," anatero, "masiku onsewa ndimangoti ndamupha ndine."