Njerwa ya masiku anayi

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anthu amangowatchula kuti Aphulusa. Amaumba njerwa zoyala pansi, koma simenti amathira yochepa. Mbali yotsalayo amaika phulusa la malasha limene fakitale imataya, mabotolo osinja ndi zidutswa za makoma ogumuka. Zaka zisanu akhala akuuma pakamwa kulongosola kuti kupanga simenti kumaipitsa mpweya ndipo zinyalalazi zikanangodzaza kudzala, koma wogula akangomva za phulusa amayamba kuyang'ana kuchipata.

Vuto la njerwa zawo n'limodzi: zimachedwa kukhwima. Zimafuna mwezi ndi kuposa, zitafunditsidwa masaka, zikuthiriridwa m'mawa ndi madzulo. Zikakhwima, nyundo imachita kunjanja.

Kapitawo wa kampani ina yomanga ankafuna njerwa zoyala bwalo lonse la sukulu, ntchito yoti alamu akanasiya kuoneka amisala. Anafika iwo atapita kukatenga phulusa, n'kupeza ine, munthu wongobwera kudzabwereka wilibala. Anati ndimupatse imodzi ayese. Zokhwima zinali pakona, zothimbirira, zina zitamera ndere. Ine ndi nzeru zangazi ndinasankha yosalala, yokongola, ya masiku anayi. Kapitawoyo anaikweza mpaka pachifuwa n'kuitaya pansi, monga amayesera onse. Inanyenyeka ngati bisiketi.

Alamu anatulukira nthawi yomweyo, n'kumuchonderera kuti aponye yapakona ngakhale kakhumi. Iye anasasa m'manja, nati maso ake aona kale, n'kulowa m'galimoto.

Alamu sanandikalipire, ndipo chimenecho n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Anangondifunsa motsitsa mawu kuti, “Mlamu, khanda la masiku anayi mungaliimike kuti liyende?”

Njerwa zosagulidwazo anaziyala pamsewu wa kutsogolo kwa chipata chawo, pamene pankachita chithaphwi. Mvula yagwa zaka ziwiri. Malole a kapitawo uja amadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku, atasenza njerwa za simenti yokhayokha, ndipo mwa zoyalidwazo palibe ngakhale imodzi imene yang'aluka.

Mwezi watha kapitawo uja anaima, n'kutsika, n'kuziponda ndi chidendene. Anafunsa alamu kuti amene anayala pamenepa anagula kuti njerwa zolimba chonchi. Alamu anamuuza kuti n'zaphulusa zomwe zija, zimene anazikana.

Kapitawo anaseka mpaka kugwira chitseko cha lole.

“Musandinamize, bambo. Zanu zija ndinaziona ndekha.”