Mbande za M'beseni

Beseni lija linali lobiriwira, lobowoka pansi, loti silikanasunganso madzi. Amayi anathiramo dothi la kukhola, lofikisa ndi manja, n'kufesamo matimati. Munali m'nyengo yachisanu, chaka chimene bambo anamwalira, ife tili kwawo kwa bambo kumtunda kwa Tsangano, kumene amayi anapita chitengwa.

Anthu onse ankafesa nazale kudimba. Ife ayi. Dimba la bambo ankati lidikire akuluakulu akambirane, ndipo amayi sankaloledwa kugwetsamo khasu. Ndiye beseni linkagona m'nyumba, pambali pa mphasa yanga. Kafungo ka manyowa onyowa kaja ndimakamvabe mpaka lero ndikagwada popemphera.

Ntchito yanga inali kulitulutsa dzuwa likakwera, kuti mbande zizolowere mphepo, n'kulilowetsa chisanu chisanagwe. Pakatipa ndinkakhala pakhonde ndi kamtengo, kuingitsa nkhuku. Anzanga ali pa fulaye, ine maso pa masamba. Ndinkadana nazo mbande zija, Mulungu andikhululukire. Pano ndili ndi ana anga, ndimaona kuti womangidwa weniweni sindinali ine.

Mbande zinapyola msinkhu wowokera. Zinangotalika, zowonda, zotumbuluka, zonse zitapendekera kuwindo. Mizu inatulukira pabowo. Amayi ankazisisita ndi chikhatho n'kumati, “Pirirani, ana anga, Ambuye saiwala.” Kwawo ku Bwanje, munda anali atagawana kale alongo awo. Kobwerera kunalibe.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, akukankha njinga. Anasuzumira m'beseni muja, amvekere, “Alamu, izitu zifera momwemu. Mawu anga aja mwawaganizira?” Amayi anayang'ana ine ndi kamlongo kanga tikulimbirana mbatata yootcha. Kenako anangoti, “Ndamva.”

Masana omwewo tinakawokera kudimba. Ndinkathamanga m'mizere ndi ndowa, ndikuimba, poti ukaidi wanga unali utatha. Matimatiwo anabereka ndithu, anatidyetsa, anandiveka ndi yunifolomu yomwe. Zimenezo ndimathokoza, ndipo amayi anga ndimawatchula m'pemphero tsiku ndi tsiku.

Koma madzulo a tsikulo njinga ya bambo aang'ono inalowa m'nyumba mwathu, ndipo kuyambira pomwepo inkagona momwemo. Ine ndinkangodabwa kuti amayi, munthu amene wapatsidwa dimba lonse, akuliriranji kuseri kwa nkhokwe.