Mutu wa Achimwene

Achimwene anga anali mneneri ku Ndirande, ndipo anthu ankawatcha Apapa. Ankagwetsa anthu ndi dzanja limodzi, ankagawa madzi odzozedwa m'timabotolo, ndipo ndi iwo amene anauza amayi athu kuti ataye mankhwala a shuga m'chimbudzi chifukwa achira. Amayi anatayadi. Za maliro awo ndinamvera pa foni ndili ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, nditavala yunifolomu ya unamwino.

Patapita zaka achimwene anabwera kuno nawonso. Uneneri anausiya pabwalo la ndege. Anapeza ntchito yosambitsa nkhalamba ku Indianapolis, ndipo kutchalitchi ankakhala pabenchi yakumbuyo. Ine sindinawakalipirepo, poti wamng'ono sakalipira mkulu wake. Ndinkangowaitana kuti Apapa, n'kumawagwadira monyanyira, anthu n'kumaseka. Iwo ankaseka nawo, koma pakamwa pokha.

Loweruka lina ndinayendetsa galimoto pafupifupi maola atatu kukawaona, nditanyamula filimu imene mnzanga wakuntchito anandibwereka. Ndinaitenga dala. Inali yanthabwala, ya tambwali wa m'masiku a Aroma amene anadzitcha Mesiya, akumabisa nsomba mumkanjo kuti azizichulukitsa pamaso pa anthu. Ndinaseka mpaka misozi, ndikuwagunda achimwene ndi chigongono.

“Apapa, mukumuona mnzanu? Inu zansombazi simunayesepo?”

Iwo maso anali pa filimu. Kenako mufilimumo mayi wina anabweretsa mwana wodwaladi. Mesiya uja anasowa pogwira, anagwada n'kupemphera koyamba m'moyo wake, ndipo mwanayo anadzuka. Achimwene anatenga rimoti n'kuimitsa filimu.

“Koma amayi sanadzuke,” anatero. “Nanenso ndinagwada, achemwali. Tsiku limenelo ndiye ndinapempheradi.”

Anandiuza kuti impso zawo zatha, shuga yemweyo wakumtundu, ndipo Lolemba akawagoneka m'chipatala. Atatero anatsika pampando n'kugwada pakapeti, munthu wa imvi zake, mutu ataweramitsa patsogolo panga.

“Mundisanjike manja. Mwatsala ndinu nokha amene mungandikhululukire m'malo mwa amayi.”

Chibadwire sindinagwirepo mutu wa achimwene, m'banja mwathu chimenecho chinali chipongwe. Ndinabisala kuseri kwa ulemu umenewo, koma kunena zoona ndinali ndisanafune kuwamasula. Mkwiyo uja ndinali nditauzolowera ngati nsapato zakuntchito.

“Apapa n'kusanjikidwa manja ndi ine? Dzukani, mukundichititsa manyazi.”

Ndinaseka ndekha. Iwo anadzuka atagwirira tebulo, n'kuyatsanso filimu kuti ndimalize kuonera. Pobwerera anandiperekeza mpaka pagalimoto, n'kundikumbutsa kuti ndiziyenda pang'onopang'ono chifukwa msewu ukuterera.

Miyezi yotsatira ndinkawaimbira foni, ndinkawafunsa za mankhwala awo monga namwino, koma nkhani ija sitinaibwerezenso. Ndinkati ndidzachita pa Isitala, kukafunda, mtima ukakhala pansi. Mawa ndi mawa linadyetsa khwangwala deya, amatero akuluakulu, ine ndinkayesa akunena ena.

Foni yakuchipatala inandipeza m'mawa ndikumanga zingwe za nsapato, chipale chofewa chisanasungunuke panja. Ndinafika ku Indianapolis atawazimitsira kale makina. Namwino mnzanga anatseka katani n'kundisiya nawo.

Ndinaika dzanja pamutu pawo. Tsitsi linali lofewa kuposa mmene ndinkaganizira, khungu litazizira. Ndinawaitana kuti achimwene, koyamba chimwalirire amayi, ndipo ndinanena zonse zimene anandipempha pakapeti paja.