Mano a Bambo Ake

Matope atatsika phiri ku Manje, chaka cha namondwe chija, anatenga amuna anga, nyumba, ndi zithunzi zathu zonse. Ine ndi mwana wanga wamkazi tinakapeza kachipinda ku Zingwangwa. Nkhope ya malemu ndinkaiona pamalo amodzi okha, m'kamwa mwa mwanayu. Mano ake a m'munsi anali opanikizana, lina kukwera pa linzake, ndendende bambo ake. Akaluma gwafa n'kusiya, ndinkatola chotsalacho n'kumayang'ana pamene waluma.

Iye ankadana nawo manowo. Kusukulu ankamunena kuti mpanda wogwa, ndipo poseka ankatseka pakamwa ndi dzanja.

Azakhali ake, mchemwali wa malemu, ndiwo anatitengera kwa dokotala wa mano. Mwanayo anamuimika pa makina, makinawo n'kuzungulira mutu wake. Kenako chithunzi chinaoneka pa kompyuta, chakuda ndi choyera.

"Awa ndi mano otafunira a m'munsi, mayi," anatero dokotala akuloza. "Iyi ndi mizu yake, yazika m'fupa la nsagwada. Fupali ndi lolimba. Koma malo achepa, mwaona dzino ili lagona cham'mbali? Tikachotsa limeneli n'kumanga mawaya, enawo awongoka. Mukuti bwanji?"

Ndinayang'ana mizuyo, yopendekeka ngati chinangwa cha pamwala. Sindinkadziwa kuti munthu angasiyire mwana wake chinthu chozama chonchi.

"Akawongoka, sadzabwereranso mwakale?" ndinafunsa.

"Akamasamala, ayi."

Dokotalayo ankayesa kuti akundilimbitsa mtima.

"Alamu, mwatani?" anatero azakhali. "Mwangoti duu ngati akuzula inuyo!"

Mwana anandigwira chitenje. "Mama, ndikufuna ndiziseka ngati anzanga."

Bambo ake sankatseka pakamwa. Pochokera kuntchito ku Makata ankaseka mu minibasi mpaka kondakitala kuiwala kuitanira anthu. Mwana wawo ndinali ndisanamumve akuseka choncho chigwereni phiri.

"Muwongoleni," ndinatero. "Koma chithunzicho mundipatse."

Anandisindikizira papepala. Mawaya anakhala nthawi yaitali, ndipo mano ankasuntha pang'onopang'ono, ine ndikuona. Lero ali pamzere. Akamaseka panja ine ndili m'nyumba, mawu ake ndi a malemu, ndipo sindifulumira kutuluka.

Pepala lija lili m'sutikesi, pansi pa zovala za kutchalitchi. Gwafa ndimagulabe. Akaluma n'kusiya, ndimatola mwachizolowezi, koma poluma pake tsopano ndi posalala.