Beseni la Pilato Linalibe Madzi

Lachinayi masana, ndikusoka fodya m'chigafa, anafika Mayeso, mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzitsa kusekondale cha ku Malomo. Anamasula thumba panjinga yamoto n'kuliika pamapazi anga.

"Amalume, mundisungire izi. Mukafuna muzitenthe."

M'thumbamo munali zigoba zisanu zovala kumaso, zoumba ndi mapepala akale ndi phala la chinangwa, zopaka utoto woyera. Ndinkazidziwa. Mpingo wathu wonse ukuzidziwa tsopano.

Chaka chino akulu a mpingo anapempha Mayeso kuti akonze sewero la Pasaka, popeza kukoleji anaphunzira za zisudzo. Inu mukudziwa mmene timachitira zaka zonse: asilikali ovala makatoni, ndevu za thonje zikugwa, Yudasi akupunthwa dala kuti ana aseke. Anthu amatuluka akugwira nthiti, pa tsiku limene Ambuye anapachikidwa.

Mayeso anati chaka chino sizikhala choncho. Anandifotokozera tili panjira yochokera kumaliro ku Chezi. Anati kale Azungu ena okonza zisudzo anatopa ndi masewero odzaza mipando ndi makapu ngati pabalaza pa munthu. Ataona osewera a ku China, ku Japan ndi kuzilumba za kummawa, anadabwa. Kumeneko munthu akanyamula chikwapu, onse amadziwa kuti wakwera hatchi. Akagwira nkhafi, bwalo louma lasanduka mtsinje. Nkhope imabisika, thupi ndilo limalankhula. Azunguwo anatengako. Nawonso a kummawa anatenga kwa Azungu masewero a anthu wamba, olankhula ngati kunyumba, okamba za ukwati wovuta ndi za mwana wosamvera.

"Ndiye anabera mnzake ndani?" ndinamufunsa.

"Palibe, amalume. Anapalana moto."

Loweruka ndinapita kutchalitchi kukaonerera akuyeserera. Kutsogolo kunalibe kanthu koma beseni. Ng'oma inalira kamodzi. Pilato analowa wopanda nsapato, nkhope yoyera yosaseka, yosakwiya, akuyenda pang'onopang'ono ngati wasenza mtondo. Anagwada n'kuyamba kusamba m'manja. M'besenimo munalibe madzi. Anasamba, anasamba, akuyang'ana zikhato zake, n'kusambanso.

Ine ndawerenga nkhani imeneyi kuyambira ndili kusukulu ya mishoni, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaimva m'mafupa. Munthu akusamba mlandu umene sungachoke. Misozi inalengeza m'maso mwanga.

Pamenepo ndi pamene Anaphiri, amene anabwera kudzasesa, anaponya tsache pakhomo.

"Mayo! Nyau zalowa m'nyumba ya Mulungu!"

Anathawa chitenje m'manja. Dzuwa lisanalowe, nkhani inali itafika ku Bowe, kuti mphunzitsi wavinitsa gule paguwa. Ena anati anaona nthenga ndi ziguduli. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Musawaseke Anaphiri. Ine sindikuwaseka. Bambo anga anasiya kudambwe kuti abatizidwe, ndipo abale awo sanadye nawo mbale imodzi zaka zambiri. Kuno kwathu chigoba ndi ng'oma si zoseweretsa. Pali mabanja amene anang'ambika pakati chifukwa cha zimenezi, ndipo chilondacho sichinapole. Mayeso anakulira momwemu, anayenera kudziwa. Anaphunzira za ku Japan n'kuiwala za kuseri kwa phiri.

Koma kodi mantha ndiwo akhale woweruza?

Lachitatu akulu a mpingo anamuitana, ine ndinapita ngati mwini mbumba. Mayeso anafotokoza mofatsa, chipewa chili pamaondo. A Kamanga, mkulu wa mpingo amene tinaimba naye kwaya tili anyamata, anamudula.

"Aphunzitsi, za ku China zisiyeni ku China. Tiuzeni chimodzi: nkhope anabisa kapena sanabise?"

"Anabisa, bambo."

"Ng'oma inalira?"

"Kamodzi."

"Basi. Ngakhale kamodzi, yalira."

Anamuimitsa Mgonero. Sewero analiletsa. Asanatseke ndi pemphero, a Kamanga anatembenukira kwa ine.

"Amalume ake, muli ndi mawu?"

Ndinali nawo. Ndikanati Solomo anamanga kachisi ndi mitengo ya mfumu yachilendo ndi amisiri achilendo. Ndikanati Paulo ku Atene analalikira Khristu poyambira pa guwa la anthu osamudziwa Mulungu. Ndikanati jekete limene avala a Kamangali, ndi nyimbo zathu zambiri za m'buku, zinawoloka nyanja, ndipo palibe anazifunsa kwawo. Koposa zonse ndikanati ndinalipo, ndinaona, ndipo ndinalira.

Ndinayang'ana nkhope za anzanga amene ndimakhala nawo benchi limodzi, amene adzanyamula bokosi langa. Ndinati, "Monga mwaonera akuluakulu."

Timakonda kunena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma ife timalandira kalumo ka mlendo pokhapokha ngati sikakutikumbutsa kathu. Anthu a kutali, osiyana zilankhulo ndi milungu, anakhala pansi n'kuonererana, aliyense n'kubwerera kwawo atanyamula kanthu. Ife mwana wathu yemwe, wobatizidwa m'manja mwathu, sitinamupatse ngakhale mpata woti tione kaye chimene wakonza. Mwa onse amene anamuweruza, palibe mmodzi amene anaona sewerolo.

Ndipo timadabwa kuti achinyamata ophunzira akutha m'mabenchi. Timati dziko lawameza. Kodi si ife timawatsegulira chitseko?

M'chigafa muja ndinayesa kumulimbikitsa Mayeso. Ndinati miyezi imatha, adzamubwezera pa Mgonero.

"Amalume, sindikudandaula za a Kamanga. Iwo sanaone." Anakwera njinga. "Inu munaona."

"Lamulungu tikuonana?" ndinamufunsa.

Analiza njinga n'kutsetsereka.

Thumba lija sindinalitenthe. Ndalipachika pamtanda wa denga, pamwamba pa fodya. Lachisanu Loyera tidzaonanso ndevu za thonje, ana adzaseka, ndipo pa Mgonero malo a Mayeso adzakhala opanda munthu. Ine ndidzatambasula dzanja kulandira mkate.

M'mawa uno mayi a kunyumba anandithirira madzi osamba m'manja, ofunda bwino, sopo ali pomwepo. Ndinasamba nthawi yaitali mpaka anandifunsa ngati ndagwira phula la fodya.

Inu amene munakhalapo chete pamene munali ndi mawu, tandiuzani: zimachoka ndi madzi ati?